Denga la Chalichi ndi Denga la Munthu

Kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa London kuli munda waukulu wochedwa Richmond Park, mmene nyama zonga mbawala ziyendayenda momasuka, ndipo m'mundamo muli kacitunda dzina lake King Henry's Mound. Munthu akakwera pamenepo ndi kupenya cakum'mawa, aona kampata kodulidwa pakati pa mitengo, ndipo kupyolera m'kampatako, pa mtunda wa mamailosi 10, aona denga lobulungira la chalichi cacikulu ca St Paul's. Dengalo lioneka laling'ono ngati kambiya kovundikira, kotero kuti anaikapo galasi loonera patali lothandiza alendo, ndipo tsiku la nkhungu silioneka konse. Komabe cifukwa ca kadenga kameneko, malamulo a mzinda aletsa kumanga nyumba yaitali iri yonse pa mzere wocokera pa citundaco kufikira pa chalichico.

M'caka ca 2016 anthu okwera pa citundaco anapenya m'kampata kaja napeza kuti kumbuyo kwa denga la chalichi kwatulukira nyumba yatsopano ya nsanjika 42, yochedwa Manhattan Loft Gardens, imene inali kumangidwa ku Stratford, kutali kum'mawa kwa mzinda. Panabuka phokoso lalikulu. Bungwe la Friends of Richmond Park linadandaula kwa akulu a mzinda, manyuzipepala anasindikiza zithunzi, ndipo ena anapempha kuti nchito yomangayo iimitsidwe. Nyumbayo siinatsekereze chalichi ai. Mlandu wake unali wakuti inadetsa thambo la kumbuyo kwake. Tsono mumzinda womwewo munali mabanja zikwi zambiri osowa nyumba, ndipo kulira kwao sikunamveke monga kunamvekera kulira kwa pa citunda. Mzinda umene usamala maonekedwe ake koposa mmene usamalira pogona pa anthu ake wasokoneza zinthu, ndipo malamulo osunga mipata yoonerayo ayenera kucepetsedwa kuti anthu apeze nyumba.

Mkangano umenewu suli wa dzulo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 munthu wina anamanga nyumba yogonamo ya nsanjika 14 yochedwa Queen Anne's Mansions, ndipo kumanenedwa kuti Mfumukazi Victoria anaipidwa nayo cifukwa inamtsekereza kuona Nyumba ya Malamulo ali kunyumba kwake kwacifumu. M'caka ca 1894 kunaikidwa lamulo loletsa nyumba za mu London kupitirira mapazi 80 m'litali. Chalichi ca St Paul's, cimene Christopher Wren anamanga utapita moto waukulu wa 1666, cinatha mu 1710, ndipo pokhala ca mamita 111 cinakhala cacitali koposa nyumba zonse za mumzindamo kufikira 1963. Nyumba zina zatsopano zitayamba kucibisa, akulu a mzinda anagwirizana mu 1938 kuika malire a msinkhu wa nyumba zocizungulira. Malire amenewo anakula m'kupita kwa zaka, kotero kuti malamulo a 2012 anasunga mipata yoonera 13, ndipo 8 mwa iyo ndi yopenya ku St Paul's kucokera ku malo monga Parliament Hill, Primrose Hill, Greenwich Park ndi kacitunda ka ku Richmond kaja.

Anthu osunga mipatayi sali opusa, ndipo mau ao ayenera kumvedwa bwino. Usiku wa pa 29 December 1940, pamene ndege za Ajeremani zinaponya mabomba amoto pa London, wojambula wina anajambula denga la St Paul's liri cilili pakati pa utsi, ndipo cithunzico cinalimbitsa mitima ya mtundu wonse. Kwa Mngelezi dengalo siliri miyala cabe. Anenanso kuti kupenya kulibe msonkho: wolemera ndi wosauka akwera Parliament Hill pamodzi naona mzinda wao osalipira kanthu, koma nyumba yaitali ikamangidwa, maonekedwewo asanduka cuma ca iwo okha ogona pamwamba pake. Ndipo mpata ukatsekedwa sutsegukanso. Zonsezi nzoona.

Koma sizoona kuti kupenya kulibe msonkho. Msonkho ulipo, ndipo aulipira ndi anthu amene sakwera pa citunda. Mzere uli wonse wojambulidwa pa mapu udutsa pamwamba pa malo eni-eni, malo a pafupi ndi nchito, masitima ndi zipatala. Mwa citsanzo, pamene pakadamangidwa nsanjika 12 pakaloledwa 4 zokha, mabanja a m'nsanjika 8 zotsalazo satha monga mame. Apita kukapanikizana m'cipinda cimodzi, kapena asamukira kutali kumene lendi icepako, natha maola m'sitima tsiku ndi tsiku. Woyeretsa m'maofesi a pafupi ndi St Paul's adzuka usiku kukali bii, ndipo pobwera apeza ana ake atagona kale. Iyeyo ndiye alipira thambo loyera la kumbuyo kwa chalichi, ngakhale palibe amene anamfunsa. Pakati pa anthu otere pali anamwino ndi osamalira okalamba ocokera ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, amene gawo lalikulu la malipiro ao lithera pa kacipinda.

Ziwerengero zicitira umboni. M'zaka za m'ma 1980 anthu a mu London anali osakwana mamiliyoni 7, koma pa kalembera wa 2021 anapezeka mamiliyoni 8.8. Mapulani a mzinda a 2021 anafuna nyumba zatsopano 52,000 caka ndi caka, pamene owerenga anapeza kuti zofunika ndi 66,000. M'caka ca 2024 bungwe la makhonsolo a London linanena kuti munthu mmodzi mwa anthu 50 a mumzindamo analibe nyumba yeni-yeni, anali kugona m'malo ongoyembekezera amene khonsolo inampezera, ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Mipata yoonera siiri yokha imene inabala vutoli. Kuyambira 1980 boma linalola anthu kugula nyumba za khonsolo zimene anali kukhalamo, koma zomangidwa m'malo mwake zinali zocepa. Ndiponso mzinda unazingidwa ndi lamba wa minda ndi nkhalango mmene kumanga nkoletsedwa. Cotero London anamangidwa m'cuuno kuti asakule m'mbali, natsinjidwanso pamutu kuti asakule m'mwamba. Mlimi amene akana kukuza munda, nakananso kukuza nkhokwe, asadabwe ana ake akagona ndi njala.

Coipitsitsa ncakuti malamulowa sagwira onse mofanana. Nyumba yochedwa The Shard, ya mamita 310, inaloledwa ndi nduna ya boma mu 2003 ngakhale osunga zakale anaikana, ndipo inatha mu 2012. Lero munthu woimirira pa Parliament Hill aiona itatumphuka kumbuyo kwa St Paul's ngati mkondo. M'menemo muli maofesi, hotela ndi zipinda za anthu acuma. Nyumba ina ya maofesi, Leadenhall Building, yotha mu 2014, inamangidwa mopendekeka dala kuti isasokoneze maonekedwe a chalichi kucokera mu mseu wa Fleet Street. Eni cuma akhoza kulemba maloya ndi akatswiri a mapulani, akhoza kupendeketsa nyumba ndi kutaya malo a pamwamba, naonabe phindu. Koma khonsolo yofuna kumangira osauka iribe ndalama zocitira zotere. Lamulo lotere lifanana ndi ukonde umene ugwira matemba, pamene ng'ona iuboola nkupita.

Ndiponso mizere imeneyi siinatsike kumwamba monga magome a Mose. Mu 2007 meya Ken Livingstone anacepetsa mipatayo, ndipo womlowa m'malo, Boris Johnson, anakulitsanso ina. Cimene anthu anajambula ndi colembera akhoza kucijambulanso.

Otsutsa anena kuti nyumba zazitali zimene zimangidwa masiku ano nza olemera, ndipo wosauka sapindula nazo. Nzoonadi kuti nyumba ya ku Stratford ija siinamangidwire oyeretsa m'maofesi. Koma mankhwala ake ndi kukakamiza omanga kupatula zipinda zambiri za lendi yocepa. Kuletsa kumanga sikupatsa wosauka cipinda ngakhale cimodzi. Anenanso kuti nyumba zazitali nzoopsa, nachula Ronan Point, imene mbali yake inagwa mu 1968 nkupha anthu 4, ndi Grenfell Tower, imene inapsa pa 14 June 2017 nkupha anthu 72. Maliro amenewo sayenera kuiwalika. Koma ofufuza anapeza kuti Ronan Point inagwa cifukwa zipupa zake zinalumikizidwa mosalimba, ndipo moto wa Grenfell unathamanga cifukwa nyumbayo inakutidwa ndi zinthu zogwira moto, pamene madandaulo a okhalamo sanamvedwe. Mlandu uli pa kunyozera miyoyo ya osauka, ndipo kunyozera komweko ndiko kuwasiya opanda nyumba. Ena aloza ku Paris, kumene nyumba zambiri nza nsanjika 6 kapena 7 koma anthu akhala ambiri pa malo ocepa. Mau amenewa ngabwino, ndipo madera ambiri a London amene ali ndi nyumba za nsanjika 2 akadapindula nao. Koma wonena zimenezi ayenera kuvomera nsanjika 7 mu mseu wake womwe. Akakana zitali-zitali pakati pa mzinda nakananso zapakati kwao, ndiye kuti cimene akana ndi anthu.

Coyenera kucitika nciani? Coyamba, mpata uli wonse uwerengedwe mtengo wake poyera, kuti anthu adziwe nyumba zingati zimene zatayika cifukwa ca uwo, pakuti cinthu cosadziwika mtengo cioneka ngati caulere. Caciwiri, mipata ya pamalo pamene makamu asonkhana ndi pamene chalichi cioneka ndi maso okha, monga pa milatho ya mtsinje wa Thames ndi ku Greenwich, isungidwe. Koma ya kutali kumene kufunika galasi icepetsedwe, ndipo thambo la kumbuyo kwa denga lileke kuyesedwa cinthu copatulika. Cacitatu, malo omasulidwawo apatsidwe kwa iwo okha amene avomera kumanga nyumba zolimba za lendi imene mnamwino ndi woyendetsa basi akhoza kulipira. Izi siziri maloto. Mzinda wa Vancouver ku Canada unaika mipata yoonera mapiri ake mu 1989, ndipo mu 2024 khonsolo yake inacotsa ina ndi kucepetsa ina kuti pamangidwe nyumba. Mapiriwo akalipobe, ndipo anthu akuwaonabe.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ku Chipata kapena ku Katete angayese kuti nkhaniyi nja Angelezi okha, koma Lusaka anabadwa m'maganizo omwewo. Mapulani ake oyamba anajambulidwa mu 1931 ndi Stanley Adshead, mphunzitsi wa za mizinda wa ku London, ndipo likulu litasamukira kumeneko mu 1935 unachedwa mzinda wa minda. Miseu inali yotakata, mitengo inabzalidwa m'mizere, mabwalo a nyumba za Azungu anali akulu. Koma anthu akuda ogwira nchito anayesedwa alendo ongopitirira, ndipo malo ao anali ocepa ndi obisika. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu osawerengedwawo anadzimangira okha ku Kanyama, Kalingalinga, Chibolya ndi George, ndipo boma linazindikira makomboni otere mwa lamulo la 1974. Kolera imene inasautsa Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, inagwira kwambiri makomboni monga Kanyama, kumene zitsime ndi zimbudzi ziyandikana.

Ambiri mwa otsiriza sukulu lero adzakhala makalaliki a khonsolo, oyesa malo ndi makhansala, ndipo mapepala opempha kumanga nyumba zosanja adzafika pa matebulo ao pamodzi ndi makalata a anthu odandaula kuti nyumbazo ziipitsa maonekedwe a dera lao. Odandaulawo adzakhala odziwa kulemba ndi odziwa khomo la ofesi. Mabanja amene akadagona m'nyumbazo sadzalemba kalata, pakuti sadziwa nkomwe kuti mlandu wao uli kukambidwa. Kalaliki wolungama adzayamba wawerenga mabanja amenewo asanayankhe kalata ya odandaula.