ZA UMOYO: Kusamala Kabowo ka Pamimba

Odwala ena akacitidwa opaleshoni ya matumbo kapena ya cikhodzodzo ku cipatala ca UTH mu Lusaka, madokotala amawasiyira kabowo pamimba kotulukira zoipa. Ena amalowetsamo kapaipi kocotsera mkodzo, ndipo akatha amatsekapo ndi pulasitala.

Ku Kanyama ndi ku Chawama, kumene odwala ocokera kumudzi amacirira kwa abale ao, thukuta la mwezi wa October limamatula pulasitalayo. Abale acifundo amadzoza Vaseline pozungulira kabowoko, osadziwa kuti pa khungu lamafuta pulasitala sagwira. Motero zoipa zimadontha, khungu ndi kusupuka.

Cofunika ndi kusamba m'manja, kutsuka khungu ndi madzi oyera, ndi kuliumitsa bwino asanamatepo. Khungu likacita zilonda, wodwalayo apite msanga ku cipatala, asacite manyazi.