Mowa ukasowa panjira ya ku Ngabu, alipire ndani?

Chikwawa, Mana: Nyengo ya maukwati, zinkhoswe ndi zikondwerero za kumapeto kwa chaka ikafika, maphukusi ochokera mumzinda wa Blantyre kutsikira kuchigwa cha mtsinje wa Shire amachuluka, ndipo ena mwa maphukusiwa amakhala makireti ndi makatoni a mowa omwe achibale kapena ogulitsa atumiza kwa anthu a pa Ngabu m'boma la Chikwawa.

Ambiri amafika bwino. Koma phukusi lotere likasowa panjira, kapena likafika mabotolo ena atasanduka opanda kanthu, mkangano womwe umabuka umaonetsa poyera kuti malamulo oteteza anthu otumiza katundu alipo ndithu m'dziko muno, chabe kuti amafika mochedwa kumadera ngati Ngabu kusiyana ndi momwe katundu yemweyo amafikira.

Ngabu ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Blantyre, pa msewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Bangula. Katundu wopita kumeneko amatsika chitunda chokhotakhota cha Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenaka n'kudutsa m'mbali mwa minda ya nzimbe ya kampani ya Illovo ku Nchalo. Njira ina yodalirika palibe. Chidukireni njanji pa Chiromo m'chaka cha 1997 chifukwa cha madzi osefukira, malonda a m'chigwachi akhala akudalira kwambiri msewu umodziwu.

Mowa wambiri wa kampani ya Castel Malawi, yomwe inagula gawo lalikulu la Carlsberg Malawi m'chaka cha 2016, umayenda pa malole a kampaniyo ndi a ogulitsa ake, ndipo umakhala ndi zikalata zake. Vuto lili pa katundu wochepa: makireti atatu a ukwati wa mlongo, katoni ya mowa wosapezeka pa Ngabu yomwe mwini bala waitanitsa kudzera pa foni, kapena mphatso yomwe mwana wogwira ntchito m'tauni watumizira bambo ake. Katundu wotereyu amayenda m'njira ziwiri, ndipo njira yomwe munthu wasankha ndiyo imadula mlandu katunduyo asanasowe n'komwe.

Njira yoyamba ndi ya makampani onyamula makalata ndi maphukusi, omwe anthu amangowatchula kuti a courier. Makampaniwa, pamodzi ndi bungwe la Malawi Posts Corporation, ali pansi pa ulamuliro wa bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma ndi zofalitsa mauthenga la m'chaka cha 1998, lamulo lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano m'chaka cha 2016. Kampani yotere imayenera kukhala ndi chiphaso, imapereka lisiti, ndipo ikakanika kuthetsa dandaulo, wodandaula ali ndi kwina kokagogoda.

Njira yachiwiri ndi yomwe anthu ambiri anaizolowera. Munthu amafika pa siteji ya maminibasi opita ku Nsanje, n'kupereka katoni kwa kondakitala, kulipira kangachepe, kenaka kuimbira foni wolandirayo kumuuza mtundu ndi nambala ya galimoto. Njirayi ndi yachangu komanso yotchipa, ndipo yathandiza mabanja ambiri. Koma ilibe pepala. Minibasi ikawonongekera pa Nchalo okwera n'kusamutsidwira m'galimoto ina, katoni yopanda mwini wooneka ndiyo imayamba kuiwalika, ndipo kondakitala wa lero sakhala kondakitala wa mawa.

Mowa uli ndi tsoka lakelake pakati pa katundu wina. Wailesi kapena foni ikabedwa imakhala ndi nambala yoizindikirira, pomwe botolo la Green kapena la Kuche Kuche limafanana ndi mabotolo ena onse a m'dziko muno. Msika wake uli paliponse, ndipo umboni wake umatha pa maola ochepa. Mabotolo amaswekanso n'kunyowetsa katundu wa anthu ena, ndipo pa Ngabu, pomwe kutentha kumadutsa madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mowa wamasese wa m'mapaketi womwe umapitiriza kuwira sungadikire masiku angapo m'nyumba yosungiramo katundu. Kuwonjezera apo, wotaya kireti sataya mowa wokha, koma amatayanso ndalama ya chikole cha mabotolo ndi kiretiyo, yomwe akanaibweza pokagula mowa wina.

Pa zifukwa zimenezi, makampani onyamula maphukusi m'maiko ambiri amaika zakumwa ndi zinthu zosweka m'gulu la katundu yemwe salandira, kapena yemwe amalandira pokhapokha mwini wake atavomera kuti chilichonse chochitika panjira ndi chake. Ku America positi ofesi ya boma imaletseratu kutumiza mowa, ndipo makampani a UPS ndi FedEx amaulandira kuchokera kwa amalonda okhala ndi ziphaso okha. Mawu oterewa amalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, kawirikawiri m'Chingerezi, kuseri kwa lisiti lomwe wotumiza amangolipinda n'kuponya m'thumba.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amadzitchera okha msampha. Poopa kuti katoni ikanidwa, kapena kuti mtengo ukwera, kapenanso kuti antchito akopeka nayo, wotumiza amalemba kuti muli zovala kapena mabuku. Katoniyo ikasowa, iye amafuna chipukuta misozi cha mowa, pomwe pepala lomwe anasaina yekha likunena za zovala. Kampani imangotulutsa pepalalo, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Ngakhale kwa amene ananena zoona, kulipiridwa mtengo wonse si chinthu chongoyembekezera. Mwambo wa ntchito za mtokoma padziko lonse ndi woika malire pa chipukuta misozi. Malinga ndi malamulo a bungwe la Universal Postal Union, lomwe dziko la Malawi linalowamo m'chaka cha 1966, phukusi lochokera kunja likasowa, malire ake ndi ma SDR 40 kuwonjezapo ma SDR 4.50 pa kilogalamu iliyonse. SDR ndi muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF. Malamulowa amakhudza maphukusi a positi oyenda pakati pa maiko, koma nzeru yake ndi yomwe makampani ena anatengera: amalipira potengera kulemera kwa katundu kapena ndalama yomwe analandira pomunyamula, pokhapokha ngati mwini wake anatchula mtengo weniweni n'kulipira inshulansi.

Nthawi nayo imadya ndalama ya wodandaula. Ndalama ya Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'nyengo ngati zimenezi, munthu wobwezeredwa ndalama patapita miyezi inayi sangagulenso makireti omwe anataya, ndipo ukwati womwe mowawo unkapita unavinidwa kale.

Funso lina lomwe limasokoneza anthu ndi lakuti woyenera kudandaula ndani pakati pa wogulitsa wa ku Blantyre ndi wogula wa pa Ngabu. Lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu la dziko lino, lomwe linatengera la ku Britain la m'chaka cha 1893, limati wogulitsa akapereka katundu kwa wonyamula kuti akamufikitse kwa wogula, zimatengedwa ngati wapereka kwa wogulayo, pokhapokha ngati awiriwo anagwirizana mwina. Izi zikutanthauza kuti mwini bala yemwe analipira kale akhoza kupezeka kuti wataya katundu yemwe sanamuonepo ndi maso.

Komabe lamulo lomwelo silimusiya wogulitsa kusamba m'manja. Limamulamula kupangana ndi wonyamula mwanzeru, poganizira mtundu wa katunduyo, ndipo akapanda kutero katundu n'kusowa, wogula akhoza kukana kuti analandira, kapena kufuna kuti wogulitsayo alipire. Kuponya makireti a mabotolo m'minibasi popanda lisiti ndi chinthu chomwe wogulitsa angavutike kuchiteteza pamaso pa majisitireti. Ndi amalonda ochepa a m'midzi omwe amadziwa kuti mbali imeneyi ya lamulo ili kumbali yawo.

Lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003 limapatsa wogula ufulu wolandira chipukuta misozi chokwanira komanso m'nthawi yake, koma bungwe lomwe lamuloli linati likhazikitsidwe kuti lizilondoloza ufuluwu linatha zaka zambiri lili pa pepala chabe. Ntchito yaikulu yomva madandaulo inagwera bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe mphamvu zake zinawonjezeredwa ndi lamulo latsopano la m'chaka cha 2024. Lamuloli limalola bungweli kulipiritsa kampani yolakwa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pa chaka, komanso kulamula kuti wogula abwezeredwe zake.

Mano alipo tsopano, koma ali kutali. Maofesi a mabungwewa ali m'mizinda, ndipo munthu wa pa Ngabu akawerengera mtengo wa ulendo wopita ndi kubwera ku Blantyre, chakudya ndi tsiku lotayika pa malonda ake, amaona kuti akhala akuthamangitsa ndalama yochepa ndi ndalama yambiri. Ambiri amangosiya, ndipo kusiyako ndi komwe kumachititsa kuti kusowa kwa maphukusi ang'onoang'ono kusaoneke m'mabuku a boma ngati vuto.

Pali gulu lina lomwe silingadandaule n'komwe. Chigwa cha Shire chili m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo mowa wa kumeneko monga 2M ndi Manica ndi wodziwika kwa anthu a m'derali. Wolowa kudzera pa chipata cha Marka ku Nsanje msonkho utalipiridwa ulibe vuto. Koma bungwe lotolera msonkho la MRA, lomwe m'chaka cha 2024 linayamba kugwiritsa ntchito zidindo za msonkho za Kalondola pa zakumwa, lili ndi mphamvu yolanda wozembetsedwa. Wonyamula wosakhulupirika amadziwa zimenezi, ndipo akauza mwini katundu kuti katoni inalandidwa pa chipata cha apolisi, mwiniyo sangapite kukafunsa. Katundu wolandidwa mwalamulo amakhala ndi chikalata chake, ndipo amene katundu wake anali wolongosoka ayenera kufuna kuchiona chikalatacho.

Ngozi zachilengedwe nazo zimapatsa onyamula chifukwa china chokanira mlandu, ndipo nthawi zina chifukwacho chimakhala choona. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anawononganso misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Msewu ukaduka, katundu amatsitsidwa m'galimoto ina, kusenzedwa pamutu kapena pa njinga, n'kukwezedwa m'galimoto ya kutsidya, ndipo manja omugwira amachuluka. Koma madzi amene adula msewu sakhululukira kampani yomwe inalandira phukusi ikudziwa kale kuti njira yatsekeka, osamuuza mwini wake.

Kwa munthu amene phukusi lake lasowa, masiku oyambirira ndiwo ofunika kwambiri. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi tsiku, nambala ya lisiti ndi mtengo wa katundu, loperekedwa ku ofesi yomwe inalandira phukusilo, limalemera kuposa kuimba foni kakhumi. Bungwe la MACRA limayembekezera kuti wodandaula ayambe wapita ku kampaniyo asanafike kwa ilo. Ngati pali zizindikiro zakuti katoni inatsegulidwa, nkhaniyo ndi ya kuba ndipo ndi ya apolisi, pomwe kufuna kubwezeredwa ndalama ndi mlandu wina womwe bwalo la majisitireti likhoza kumva popanda loya.

Ngakhale amene anatumiza pa minibasi sali chimanjamanja monga zinalili kale. Chiyambireni Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba m'chaka cha 2013, ndalama yolipira wonyamula imasiya mapazi, ndipo lamulo la m'chaka cha 2016 lokhudza ntchito za pa makina a intaneti limavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni m'bwalo la milandu. Uthenga wosonyeza dzina la wolandira ndalama, chithunzi cha makireti ali m'galimoto ndi nambala ya galimotoyo ndi zinthu zomwe wapampando wa siteji kapena majisitireti angayambirepo pofunsa dalaivala kuti katunduyo anatsikira pati pakati pa Thabwa ndi Ngabu.