Mitsinje ya kumpoto idikira mpaka liti?

Mtsinje wa Wovwe ukatsika m'mapiri a Nyika umagwira ntchito ziwiri usanakafike kunyanja: umapukusa makina a magetsi, kenako umathirira mpunga pasikimu. Koma mlimi wa ku Karonga akasenza mpungawo kupita nawo kuchigayo, mawu omwe amamulonjera ndi omwewo a masiku onse: magetsi athima, mubwere mawa.

Siteshoni ya Wovwe idayamba kugwira ntchito mu 1995 ndipo mphamvu zake sizifika mamegawati 5. Ndi yaying'ono, inde, komabe ndi yokhayo ya madzi ya kampani ya magetsi ya EGENCO yomwe sili pa Shire. Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zidandandalikana pamtsinje umodzi kummwera. Madzi akachepa m'Shire, kapena namasupuni ndi matope zikatseka makina, mwana wa ku Chitipa amawerenga ndi tochi ya pafoni. Magetsiwo amayenda mtunda wautali kuti afike kuno, ndipo mtengo umodzi ukagwera pawaya panjira, maboma a kumapeto kwa chingwe ndiwo amagona mumdima.

Tidaziona mu Januwale 2022. Namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzimirira usiku umodzi, ndipo makinawo adadzukanso mu 2023. Chaka chonsecho tinkangowerenga ndandanda ya maola othimitsira magetsi, yomwenso nthawi zina sinkatsatidwa. Kodi phunziro lina loposa limeneli tikulidikira kuchokera kwa ndani?

Ena amati kumpoto kulibe mafakitale ofuna magetsi ambiri. Bodza limeneli lakalamba. Mgodi wa Kayelekera, m'boma lomweli la Karonga, udayenda zaka ndi majenereta a dizilo, mafuta ake ogula ndi ndalama zakunja zomwe timalira tsiku ndi tsiku. Ndani angamange fakitale yopuntha mpunga wa Kilombero kapena firiji yosungira usipa ndi chambo pamalo pomwe magetsi amabwera ngati mlendo?

Za damu la Fufu pa South Rukuru tazimva, za Songwe mogwirizana ndi Tanzania tazimva, za kukulitsa Wovwe tazimvanso. Zonsezi zili m'mapepala. Aphungu athu a Karonga, Rumphi ndi Chitipa, bajeti ikabwera ku Nyumba ya Malamulo funsani tsiku lomwe ntchitozi ziyambe, ndipo musakhale pansi nduna isanatchule ndalama zake.