ZA MATAYALA A GALIMOTO YAING'ONO YOKHALITSA

Abale anga a m'midzi, mwezi uno ndifuna kuceza nanu za cinthu cimene ena a inu mudzati sicikukhudzani, popeza mulibe galimoto. Koma tawerengani nyumba za kwanu, kuyambira ku Jenda kufikira ku Edingeni ndi ku Mqocha: ndi zingati zimene ziribe mwana kapena mlamu ku Joni? Ndipo mwa iwo obwera kudzadya Khirisimasi, alipo ambiri ofika ndi kagalimoto kakale, nakasiya pakhomo m'manja mwa atate ao kapena akazi ao, iwo nabwerera ku nchito. Okwera m'menemo pambuyo pace ndinu, ndi ana anu, ndi odwala anu opita ku cipatala ca Embangweni kapena ca ku Boma.

Mphwanga anabwera nayo yace caka ca 2018, ya mtundu wa Volkswagen Citi Golf, umene unkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1984 kufikira 2009. Ndi galimoto yopepuka ndithu, yosafika tani imodzi ikakhala yopanda katundu, ndipo anyamata aikonda cifukwa ca liwiro lace ndi kumvera kwace pokhota. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango, ndipo inkayenda kanai kapena kasanu pa caka. Ife tonse tinkati matayala ace ali bwino, pakuti mano ao anali akuya ngati a tayala latsopano. Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, caka ca 2022, dzuwa likuswa mtengo, tinanyamula azakhali athu odwala kunka nao ku Boma. Tiri m'nkhalango ya Perekezi, pa mseu wa M1, tinamva phokoso ngati la mfuti, galimoto niyamba kupotoloka uku ndi uku ngati ng'ombe yokana goli. Tayala la kumbuyo linali litasendeka khungu lace lonse monga asenda nthoci. Mwai wathu unali wakuti woyendetsa sanaponde mabuleki mwadzidzidzi, koma anagwiritsa ciwongolero, naileka galimoto kuti icepetse yokha liwiro. Azakhali anafika ku cipatala dzuwa litalowa, pa galimoto ya munthu wina wacifundo.

M'mawa mwace mmisiri wina wa matayala pa Boma, mkulu wa imvi, anatola tayala lija, nalitembenuza, nandilozera manambala 4 olembedwa m'mbali mwace, kumapeto kwa mzere woyamba ndi malembo akuti DOT. Panalembedwa 3809. Nati kwa ine, "Aphunzitsi, tayala iri linabadwa sabata ya 38 ya caka ca 2009. Mwaliyendetsa liri ndi zaka 13." Ine amene ndinaphunzira kuwerenga Cilatini ndinacita manyazi, pakuti manambala amenewo ndinali nditawaona kawirikawiri osawafunsa tanthauzo lao. Awiri oyamba ndiwo sabata, awiri otsiriza ndiwo caka. Tayala lokhala ndi manambala 3 okha pamenepo linapangidwa caka ca 2000 cisanafike, ndipo lotero musalilole ngakhale alikupatsani laulere.

Apa ndipo pagona nkhani. Ife tizolowera kuyesa tayala ndi maso monga tiyesa khasu: likaperepeseka latha, likakhala lokhuthala likali ndi moyo. Pa minibasi yoyenda tsiku ndi tsiku kuyesa kumeneku kuli bwino, popeza mano atha msanga tayala lisanakalambe. Koma galimoto yopepuka ndi yoyenda kamodzikamodzi sidya mano a matayala ace. Matayalawo afa ndi ukalamba ali cioneke bwino. Mpira ndiwo utomoni wa mtengo, monga uja acheka ku Vizara ku Nkhata Bay, wosanganiza ndi zina za m'mafakitale, ndipo zaka zikapita uuma, nuuma msanga koposa ukakhala padzuwa. M'kati mwa tayala muli mawaya acitsulo ndi ulusi, zomatidwa ndi mpira womwewo; mpira ukauma, kumatana kuja kulekeka, ndipo tsiku lotentha, galimoto itasenza anthu nithamanga pa phula, khungu licoka. Opanga matayala aika m'mpira mankhwala ocinjiriza, amene atulukira kunja pamene tayala liyenda ndi kupindika. Tayala longokhala pamalo silipindula nao kweni-kweni. Cifukwa cace a kampani ya Michelin alangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 lizionedwa ndi mmisiri caka ndi caka, ndipo likakwana zaka 10 licotsedwe, ngakhale mano ace akali onse. Tayang'anani timing'alu tating'ono m'mbali mwa tayala ndi pansi pa ngalande zace, ndiponso potupa pali ponse. Zimenezo ndizo imvi za tayala.

Tsono munthu akati agule ena, asankhe otani? Ayambe wawerenga zolembedwa pa kacitsulo kapena kapepala komata pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa, kapena pa cotsekera ca thanki ya petulo, pamene opanga galimoto analemba msinkhu wa tayala ndi muyeso wa mpweya. Pa tayala peni-peni mudzapeza mau onga awa: 175/70 R13 82T. Nambala 175 ndiyo kutambalala kwace m'mamilimita. Nambala 70 itanthauza kuti kutalika kwa m'mbali mwace kuli magawo 70 pa 100 a kutambalala kuja. R anena za kayalidwe ka ulusi wa m'kati, kamene a Michelin omwewo anakatulukira ku France caka ca 1946. 13 ndiye kukula kwa limu m'mainchi. 82 ndiko kuti tayala limodzi lisenza makilogalamu 475. Ndipo T ndiko kuti lipirira liwiro lofika makilomita 190 pa ola, limene ndikhulupira palibe wa inu adzaliyesa.

Pano ndipo anyamata athu alakwa, ndipo ndanena nao kangapo osandimvera. Afuna malimu akulu onyezimira ndi matayala otambalala, afupi m'mbali, kuti galimoto ioneke yaulemu pa bwalo la ukwati. Koma galimoto yopepuka iribe kulemera kokwanira kukanikiza tayala lotambalala pansi. Mvula ikagwa pa phula, monga igwera ku Chikangawa pamodzi ndi nkhungu, tayala lotero liyamba msanga kuyandama pamwamba pa madzi, ndipo ciwongolero sicimvekanso. Ndiponso tayala lalifupi m'mbali liribe pobisa limu: mwala umodzi wa pa njira ya ku Khosolo ulitsina, nupinda ndi limu lomwe. Pa miseu yathu yafumbi ndi yamabampu, tayala lalitali m'mbali, la 70 kapena 80, ndilo bwenzi la munthu wosauka. Ena alakwira mbali yina, nagula matayala olimba okhala ndi cilembo C, nati awa ndiwo osaboola msanga. Amenewo anapangidwira magalimoto osenza matumba a cimanga ndi fodya, ndipo kumeneko ayeneradi. Pansi pa kagalimoto kopepuka angodumpha-dumpha osagwira nthaka, namasula mabauti ndi kupweteka misana ya okalamba.

Za matayala a kaunjika sindidzanena kuti onse ali oipa, pakuti ndidziwa kulemera kwa mtengo wa tayala latsopano pa nyumba yodalira munda. Koma wogula awerenge manambala 4 aja asanafunse mtengo, alowetse dzanja m'kati kufufuza zigamba, ndipo akane tayala liri lonse losokedwa kapena lomatidwa m'mbali. Ayang'anenso cizindikiro ca phiri la nsonga 3 lokhala ndi kaduwa ka cipale m'kati mwace. Tayala lotero linapangidwira maiko ozizira monga Japan ndi Ulaya, ndipo mpira wace wofewa uyenera nyengo yosapitirira madigiri 7. Pa kutentha kwa kuno lidyeka msanga ndi kucedwa kuimitsa galimoto. Mano ace akuya ndiwo anyenga ambiri. M'ngalande za tayala liri lonse muli timizere totukuka mamilimita 1.6, mano akalingana nato, tayala latha.

Ndalama zikakwanira awiri okha, gulani awiri ofanana mtundu ndi msinkhu, ndipo muwaike kumbuyo. Ndidziwa kuti ambiri adzatsutsa, nati kutsogolo ndiko kuli injini ndi ciwongolero. Inenso ndinkaganiza comweco kufikira tsiku lija la ku Perekezi. Tayala la kutsogolo likaterereka, woyendetsa alimva m'manja mwace nacepetsa liwiro. La kumbuyo likaterereka, galimoto izungulira yonse iye asanadziwe kanthu.

Mphwanga anatumiza ndalama m'magawo awiri, ndipo tinagula awiri mwezi wa Disembala, awiri ena titakolola. Galimoto tinaicotsa pansi pa mango, popeza mthunzi wa mtengo uyenda ndi dzuwa, ndipo tinaimangira cisakasa ca udzu cotsekedwa mbali ya kumadzulo. Mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi ciphaso coyendetsera, aitulutsa kawiri pa mwezi kukafika pa Jenda ndi kubwerako, ndipo ayesa mpweya m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala la padera lija la m'buti, limene tinalipeza lophwa ndi lokalamba koposa onse. Atatu otsala aja tinawapereka kwa atsibweni, amene anawaveka pa ngolo yao ya ng'ombe. Pa liwiro la ng'ombe adzatumikira zaka zambiri. Losendeka lija anatenga mnyamata wosoka nsapato, nadulamo nkhwaira za abusa a ng'ombe.