ZA PA BENCHI: Timawaya tinayi tandisiya ndi ngongole

Abale anzanga apamsika, sabata ino ndabwera nditazyolika. Inu amene mumandiona ndikudutsa pakati pa mabenchi anu kope lili m'khwapa ngati munthu wodziwa zonse, dziwani kuti pano ndili ndi ngongole kwa mlamu wanga, ndipo chidandigwetsa ndi timawaya tinayi tokha, tochepa ngati ulusi wa telala.

Mlamu wangayu ali ndi kashopu mumsika wa Limbe. Geni yake ndi yoika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemore, ija mumati kubena. Kompyuta yake ndi yakaunjika koma imalimbikira ngati bulu. Vuto lidali chibokosi chake, chija amati kesi. Chidachita dzimbiri, malo oikamo hadi disiki yachiwiri mudalibe, ndipo batani loyatsira lidamira moti ankachita kulitokosa ndi bolopeni. Adagula kesi ina yaikulu, yakale ndithu, kwa mnyamata wina wogulitsa zitsulo. Chidatsala n'kusamutsa zam'kati. Wokonza makompyuta atatchula mtengo wake, ine ndidalowerera.

"Alamu, ndalama imeneyo mukagulire ana ufa. Ine sayansi ndinakhoza pa Fomu 4."

Kusamutsa bodi, chithabwa chobiriwira chija chimene zonse zimalumikizikapo, sikudavute. Mawaya akuluakulu nawo ngosavuta chifukwa salola kulowa mozondoka. Mavuto adayamba pa timawaya tochokera kumaso kwa kesi. Tili ndi timitu takuda tolembedwa POWER SW, RESET SW, HDD LED ndi POWER LED, ndipo tonse timalowa pa kagulu kamodzi ka timapini pakona ya bodi. Pozula m'kesi yakale sindidajambule n'komwe, chonsecho foni inali m'thumba. Ndidabaya paliponse pamene kamutu kalola, n'kudina batani. Zii. Ndidadinanso. Zii. Mlamu adangopinda manja, makasitomala akusuzumira.

Adatipulumutsa ndi mtsikana wina wokonza mafoni pa benchi yoyandikana. Adatenga sikuludiraiva, n'kugunditsa nsonga yake pa timapini tiwiri kamphindi kochepa, fani n'kuyamba kuzungulira. Anthu adakuwa ngati aona matsenga. Iye adangoseka.

"Achimwene, batani ntchito yake ndi yomweyi. Limangogunditsa timapini tiwiri basi. Inu mwaliika pa malo a getsi."

Tsono mverani zimene adandiphunzitsa, poti ambiri mwa inu masiku ano muli ndi kompyuta pansi pa benchi, ena yosindikizira makalata, ena yobenera. Pa mabodi ambiri, kagulu kameneka kamalembedwa F_PANEL kapena JFP1, ndipo kamatsata kaikidwe ka kampani ya Intel: timapini 9 m'mizere iwiri, mzere wina tisanu, wina tinayi ndi mpata pothera pake ngati dzino loguluka. Mpatawo ndiwo kalozera wanu. Pa mzere wa tinayi, tiwiri toyandikana ndi mpata ndi ta batani loyatsira, tiwiri tinato ndi ta kagetsi kosonyeza kuti makina ayaka. Pa mzere wa tisanu, mukayambira kutali ndi mpata, tiwiri toyamba ndi ta kagetsi ka hadi disiki, tiwiri totsatira ndi ta RESET, kotsirizako kasiyeni. Ndati mabodi ambiri, sindidati onse. Makompyuta a m'maofesi monga a Dell ndi HP kawirikawiri amakhala ndi kaikidwe kawokawo, ndiye muziyamba mwawerenga tizilembo tolembedwa pa bodi penipenipo, ngakhale pounikira ndi tochi ya pafoni.

Timawaya timeneti ndi tokhululuka. Mabatani awiri aja alibe kumutu kapena kumiyendo, kamutu kalowe mulimonse agwirabe ntchito. Timagetsi ndiye tili ndi mbali ya + ndi ya -, koma mukazondotsa palibe chipsa, kagetsi kangokana kuyaka, inu n'kutembenuza. Waya wamtundu, kaya wofiira kaya wobiriwira, nthawi zambiri ndiye wa +, woyera kapena wakuda ndi wa -. Mukayang'anitsitsa pakamutu mupezapo kachizindikiro kangati nsonga ya muvi, mbali imeneyo ndiyo ya +.

China chimene chingakupulumutseni ndalama ndi ichi: batani loyatsira likafa, musathamangire kugula kesi. Zulani waya wake, pamalopo muikepo wa RESET SW, muziyatsira batani laling'onolo. Mlamu atamva izi adandiyang'ana ndi diso loipa, poti akadadziwa, bolopeni uja akadapuma kalekale.

Mlamu adali ndi nzeru yakenso. Ankafuna kuboola kesi n'kutulutsa waya wautali kuti aike switchi ya pakhoma, ija ya babu, pamwamba pa benchi. Mtsikana uja adakana. Switchi ya pakhoma ukaiyatsa imakhala chigwirire, pamene kompyuta ikaona timapini tija tagundana kwa masekondi ngati 4 imamva kuti aiuza izime, n'kuzimadi. Pamafunika batani loti ukadina n'kusiya limabwerera lokha, ngati la belu la pakhomo.

Adatichenjezanso kuti pogwira m'kati tizizula pulagi kukhoma. Kuchokera pamene Intel idabweretsa kapangidwe ka ATX mu 1995, kompyuta ikazima siigona kwenikweni. Mumatsala mphamvu ya mavoliti 5 yodikira kuti wina adine batani, ndipo sikuluwu ikagwera pa bodi nthawi imeneyo mutha kulira. Makina a kale ATX isadabwere ndiye adali oopsa kwambiri, chifukwa magetsi a kukhoma, mavoliti 230 athuwa, ankafika pa batani penipeni. Mukapeza kesi ya makedzana yomwe batani lake lili ndi malo a mawaya anayi onenepa, imeneyo isiyeni.

Mpaka apa zinthu zidayenda. Kenaka mtsikana uja adaitanidwa ndi kasitomala wake, ine n'kutsala ndekha ndi mawaya a USB ya kutsogolo, mtima utakweranso m'mwamba.

Makesi atsopano waya ameneyu amabwera ndi mutu umodzi wokhala ndi bowo limodzi lotseka, kuti usalowe mozondoka. Kesi ya mlamu, poti njakale, idali ndi timawaya tomwazika, kalikonse ndi kamutu kake: kofiira, koyera, kobiriwira ndi kakuda. Ndidati si zomwe zija, zikakana nditembenuza. Ndidayambira kumene kudandiyandikira.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti awa ndiye sakhululuka. Kofiira kamanyamula mavoliti 5, koyera ndi kobiriwira ndi njira ya mafayilo, kakuda ndi kobwezera moto. Pa bodi, kagulu ka USB nakonso kali ndi timapini 9 ndi mpata umodzi. Kofiira kamakhala kutali ndi mpata, kenaka koyera, kobiriwira, kakuda n'kukhala kufupi ndi mpatawo. Ine ndidachita mosemphana ndendende.

Ndipo woyamba kufika sadali mnyamata wofuna filimu ya karate ayi. Adali mayi wina wachikulire, mkulu wa kwaya, atamanga fulashi pa nsonga ya chitenje. Mudali nyimbo 10 zimene kwaya yawo idajambulitsa ku situdiyo ina ku Lilongwe atasonkherana miyezi yambiri, ndipo ankafuna makope oti akagulitse Lamulungu. Mlamu adabaya fulashi ija kutsogolo, monyadira kesi yatsopano. Padangomveka kafungo ka pulasitiki wopsa. Poizula inali yotentha ngati mbatata yochokera paphulusa.

"Mwana wanga, zatheka?" adafunsa mayiwo.

Palibe adayankha. Ine ndinkangoyang'ana pansi, kufuna nthaka itang'ambika. Safunsa adadya phula, koma apa phula ndidadyetsa ena, chifukwa amene ndikadamufunsa adali pa benchi yachiwiri chabe. Ndipo padali njira yapafupi yoyesera: kubayapo kaye mausi yakutha kapena fulashi yopanda kanthu, chinthu choti chikapsa palibe angalire.

Mwayi wake bodi sidapse. Mtsikana uja adabwera n'kukonza timawaya tija osatha ndi mphindi ziwiri zomwe, ulendo uno osaseka. Mlamu adagula fulashi ina, n'kulipira thiransipoti ya mnyamata wa kwaya kupita ku Lilongwe ndi kubwerako. Kusitudiyoko adapezako nyimbo 7, zitatu zinazo akuti akajambulenso. Zonsezi zalembedwa m'kope la ngongole la mlamu pansi pa dzina langa, pamodzi ndi ndalama ya wokonza makompyuta ija tinkati tipulumutse, poti mlamu akuti mtsikanayo ayenera kulandira yonse.

Mlongo wanga sadandiyankhulebe bwinobwino. Loweruka lino ndikukaonekera kwa amayi akwaya kukapepesa, ndipo andiuziratu kuti ndisapite chimanjamanja.