Dotolo Wogwidwa ndi Mankhwala: Masewero a pa Kanema Anena Zoona Kodi?

Mwa masewero onse a pa wailesi ya kanema opangidwa ku Amereka, a za m'chipatala ndiwo amene anthu satopa nawo, ndipo kawirikawiri mumapezeka dotolo amene wasanduka kapolo wa mowa kapena wa mankhwala opha ululu. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuilingalira bwino, pakuti zimene anthu aona madzulo ndizo zimene akhulupirira mmawa.

Sewero lotchuka koposa pa nkhaniyi ndi House, limene linaonetsedwa kuyambira 2004 kufikira 2012. Mwini nkhani, Dr. Gregory House, ameza mibulu ya Vicodin ngati mtedza chifukwa cha mwendo wopweteka, komabe matenda amene alepheretsa anzake onse iye awatulukira. Apa ndipo pagona cholakwa. Woonera atsala ndi maganizo akuti munthu wanzeru zakuya angathe kuchiza odwala chiledzerere, ndi kuti anzake achita bwino kum'bisa.

Chizolowezi chotere sichinayambe lero. Dr. William Halsted, katswiri wa opaleshoni wa pa chipatala cha Johns Hopkins, anagwidwa ndi cocaine m'chaka cha 1884 pamene anali kuyesa mankhwalawo pa thupi lake, ndipo pambuyo pake anakhala kapolo wa morphine kufikira imfa yake mu 1922. Anzake odziwa anakhala chete.

Masewero ena ayenda njira yolongosoka. Mu ER, m'chaka cha 2000, Dr. John Carter atabayidwa ndi wodwala anayamba kudzibaya mankhwala a odwala, ndipo amene anakanena kwa akuluakulu ndi wophunzira, Abby Lockhart. Mu The Pitt, mu 2025, Dr. Frank Langdon akuba mankhwala ndi kuthira madzi m'botolo, ndipo wom'tulukira ndi Dr. Santos, amene wangoyamba ntchito tsiku lomwelo. Pawiri ponse wolimba mtima ndi wamng'ono, yemwe akanatha kutaya ntchito yake. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma ngakhale masewero abwinowa afupikitsa za kuchira. Dotolo apita kukalandira chithandizo, papita zigawo zingapo, wabwerera. Zoona zake nzakuti ku Amereka dotolo wotere amayang'aniridwa zaka zisanu, nayezedwa mkodzo masiku osadziwika, ndipo akaterereka angathe kulandidwa chilolezo. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya BMJ mu 2008 anatsata madotolo 904 a m'ndondomeko zotere, napeza kuti patapita zaka zisanu pafupifupi 79 mwa 100 anali ndi chilolezo ndipo anali pa ntchito. Zaka zoterezi zilibe phokoso lokopa oonera, nchifukwa chake olemba masewero azidumpha.

Choncho masewerowa akuza kugwa nachepsa kudzuka. Zotsatira zake nziwiri: dotolo wodwala aopa kuulula poganiza kuti zake zatha, ndipo mnzake wodziwa atseka pakamwa poyesa kuti ndiko kum'chitira chifundo. Pakati pa awiriwa pagona wodwala, amene walandira madzi m'malo mwa mankhwala osadziwa kanthu. Olemba masewero ayenera kum'kumbukira munthu ameneyu, ndipo oonera achita bwino kufunsa za iye nthawi iliyonse pamene dotolo wa pa kanema ameza m'bulu wake.