“Kuseli kwa chigayo” si adilesi

Mu Lusaka njira timauzana pakamwa. “Ukafika pa chigayo khota kumanja, ufunse pa kantemba.” Pakati pa anthu zimayenda. Koma ife achinyamata opanga ma app tatenga chizolowezi chomwechi n’kuchilowetsa mu database. Malo a nyumba, a chitsime, a kiliniki timawalemba ngati mawu chabe. Kenako tidabwa kuti kompyuta ikulephera kuyankha funso losavuta: ndi zitsime ziti zili pafupi na nyumba za odwala?

Uwu ni ulesi, ndipo ulesi wotere umapweteka anthu. Tikumbukire Januwale wa 2024, pamene kolera inachititsa kuti National Heroes Stadium isanduke malo ochizirako odwala, masukulu n’kuchedwa kutsegula. Pa nthawi yotere funso lalikulu ni lakuti “kuti?” Mu 1854 ku London, John Snow anaika pa mapu nyumba za omwalira na kolera, ndipo zinaunjikana pafupi na pampu ya madzi ya mu Broad Street. Iye analibe kompyuta. Ife tili nayo, nanga chotilepheretsa n’chiyani?

Ena amati komboni ilibe mayina a misewu, ndiye siingalowe mu dongosolo. Bodza. Nyumba iliyonse ku Kanyama kapena ku Chawama ili na manambala ake awiri, latitude na longitude, ndipo foni ya m’thumba imawapeza.

Koma kusunga manambala sikokwanira. Popanda index, kompyuta imayang’ana mzere uliwonse, umodzi umodzi, ngati munthu wofuna m’bale wake pogogoda khomo lililonse mu Matero. Njira ya R-tree, imene Antonin Guttman anafotokoza mu 1984, imaika malo oyandikana m’bokosi limodzi, mabokosi ang’ono m’mabokosi aakulu. Tikafunsa za Kanyama, bokosi la Chelstone silitsegulidwa n’komwe. PostGIS, imene imagwira ntchito pa PostgreSQL, ni yaulere, ndipo index yotere imapangidwa na mzere umodzi chabe.

Manje tisanamizire ndalama. Tikamalemba mayina a anthu na malo awo, titenge manambala a malowo atatilola, tiwasunge mosamala, tiike index tsiku loyamba. App yokongola imene siidziwa kumene anthu ake akhala ni chidole. Matenda akabweranso m’nyengo ya mvula, sadzadikira kuti tifunse pa kantemba.